Masekondi Makumi Atatu

Anandiitana Lachiwiri, nkhungu itakuta doko la Valparaíso.
Masitepe makumi asanu ndi anayi kukafika ku ofesi ya a Herminia Barría:
anthu asanu, makompyuta asanu ndi imodzi,
ndi seva yokhala m'kabati, pansi pa ketulo ndi matawulo.

"Imelo ikukwawa," anatero Nélida wa mainvoisi.
"Ndikadina kuti ipite ndimanyamuka,
kukathira khofi, kubwerako,
kagudumu kaja kakuzungulirabe."
Kunsi kwa zenera makontena a mphesa ankadikira chikalata chimodzi,
ndipo sitima yapamadzi simva mawu oti pepani.

Ndinayamba ndi amene aliyense amawaloza chala.
Intaneti inkathamanga ngati wakuba.
Ndinakwawa pansi pa madesiki kutsata mawaya,
n'kutulukako ndi fumbi m'mphuno ndi ndolo imodzi yopanda mwini,
waya aliyense ali gwa m'malo mwake.
Tinyali ta swichi tinkaphethira ngati mwana wosalakwa.
Ndinazimitsa pulogalamu yosaka mavayirasi. Chimodzimodzi.
Bokosi la makalata la Ismael linali litatupa,
zaka khumi ndi chimodzi osataya ngakhale moni wa Khirisimasi;
tinalipungula, mwini wake akung'ung'udza
ngati tikumugwetsera mpanda.
Ndinadina.
Kagudumu kanazungulira.

Apa ndinaika nzeru pambali, n'kuvula wotchi.
Kalata ya mawu awiri: masekondi makumi atatu.
Kalata yosenza zithunzi zisanu ndi zitatu: makumi atatu.
Kompyuta ya pakhomo, ya pakona, ya abwana,
makumi atatu, osapitirira, osaperewera.
Wosenza thumba ndi woyenda chimanjamanja safika limodzi.
Uku sikutopa ayi.
Uku n'kudikira munthu.

Ndinatsegula kaundula momwe seva imalemba zochita zake,
mizere yothithikana ngati linthumbu,
ndipo dzina limodzi linkangobwerabwera:
anselmo, sakuyankha,
anselmo, sakuyankha.
Kompyuta iliyonse, isanatumize kalata,
inkayamba yakafunsa njira kwa makina a dzina limenelo,
kuima pakhomo pake, kuodira, kuodiranso,
mpaka masekondi aja atakwana
ndiye n'kutembenuka kukafunsa kwina.

"Kodi Anselmo ndi ndani?"

Kiyibodi ya Nélida inangoti zii.
A Herminia anavula magalasi, napukuta ndi nsonga ya malaya.
"Seva yakale. Amuna anga anaipatsa dzina lawo,
ankati onse awiri ndi aphokoso ndiponso sagona.
Iwo atapita, iyo inalirabe zaka zinayi m'kabatimo.
Tinaizimitsa mwezi watha.
A zitsulo zakutha anabwera ndi ngolo."

Mankhwala ake anali mzere umodzi:
kufufuta manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho
n'kulembapo ena.
Mwana wasukulu akanatha.
Koma chala changa chinalendewera pamwamba pa batani
mpaka iwo anati, "Fufutani, bambo Quilodrán,
mphesa sizidikira maliro."

Nélida anadina.
Kalata inapita dzanja lake lisanachoke pa mausi.
Anasuzumira m'kapu yake yopanda kanthu
nati, "Nanga khofi ndizimwa nthawi yanji tsopano?"
Ismael anafuna kudziwa ngati tingamubwezere makalata ake,
poti mlandu sunali wake.
Ananena zoona. Ndinawabweza.

Pa risiti ndinalemba ola limodzi.
Awiri enawo, a fumbi ndi a kunamizira osalakwa,
ndinawasenza ndekha.

Ndili pakhomo, chikwama paphewa,
a Herminia anandikodola ndi cholembera:
"Manambala mwafufuta aja, mukuwakumbukira?"
Ndinawalemba kuseri kwa envulopu yakale.
Anang'amba kachidutswako, nakapinda kawiri,
nakaika momwe amasungira magalasi.

Kunja nkhungu inali itayamba kuyera,
kireni ikukweza kontena yoyamba.
Ndolo ija ndinaipeza m'thumba ndili kale m'basi.